Mchenga wa Siga

Kwathu kuno kugombe la nyanja yamchere, kumwera kwa tauni ya Mbour, Daba Tine timamudziwa ndi khosi lake. Ndi lalifupi, lolimba ngati la mwamuna, chifukwa chiyambire utsikana wake wakhala akusenza. Anayamba ndi madengu a nsomba zochokera m'mabwato, n'kubwera nkhuni zowambira nsombazo, pomaliza mchenga.

Anakwatiwa ndi msodzi, n'kubereka ana anayi. Wachitatu, Siga, anamwalira ndi malungo atangoyamba kumene kuyenda. Anamuika kumanda akale a kugombe, pansi pa mlambe, Daba n'kuyala zigoba zoyera pamtumbira monga timachitira. Nthawi imeneyo kuchoka pamandapo kukafika pamadzi unkadutsa bwalo lonse la mchenga limene anyamata ankagwetsanapo.

Kenako eni hotela ya kumpoto kwa mudzi anaona kuti gombe lawo likudyeka. Anabweretsa malole a miyala ikuluikulu, n'kumanga khoma lolowa m'nyanja. Mchenga umene mafunde ankatibweretsera unayamba kuima pakhoma pomwepo. Gombe la hotela linanenepa, lathu n'kumaonda. Bwalo la anyamata linapita. Mathandala owambirapo nsomba anapita. Daba atasowa chochita anakalowa ntchito kuhotela komweko. M'mawa uliwonse ankakokola ndere ndi zinyalala ndi leki, kuti alendo akatuluka apeze mchenga wosalala ngati ufa, agonepo, adzole mafuta awo, akatopa akwere njinga zamoto za pamadzi.

Lachisanu lina Daba atapita kumanda kukaona mwana wake, anapeza mizu ya mlambe ili pamtunda, mafunde akunyambita m'mphepete mwa manda. Anapita kwa akuluakulu a kumzikiti kukapempha kuti amusamutse Siga. Anamuyankha kuti wogona sadzutsidwa, apirire. Mwamuna wake, amene ankasodza ku Mauritania, anangoti pafoni, "Nyanja mwini wake ndi Mulungu." Daba si munthu wa makani. Anangoyamba kutolera matumba akale a mpunga.

Kumbali yathu kunatsala matope ndi miyala yokhayokha. Mchenga wonse unali kuhotela. Ndiye Daba anayamba kuweruka ndi ndowa pamutu, pamwamba ndere, pansi mchenga. Akafika kumanda ankauthira m'matumba aja n'kuwasanja kutsogolo kwa mtumbira.

Mlonda wa pageti la kugombe anali Famara Badji, wa mtundu wa Ajola, wochokera kuchigawo cha Casamance. Ife Aserere ndi Ajola ndife asuweni. Timatukwanizana mmene tingathere, koma kumupweteka mnzako kapena kumuchotsera chakudya pakamwa n'choletsedwa, chimakubwerera mpaka kwa ana.

"Iwe kapolo wanga," ankatero Famara, "ndere yanji yomira nayo khosi chotero?"

"Ndikukaphikira Mjola ndiwo. Si inu mumadya chilichonse chotuluka m'madzi?"

"Ndiye mpunga wake ndi umene uli pansiwo eti? Ukapatse agogo ako, mano alibe kale."

Ankatsegula geti maso ali kumwamba, ngati akuwerenga mbalame. Chilimwe chonse chinatha choncho. Matumba anakwera kufika m'chiuno, ndipo madzi akadzaza ankagunda pamenepo n'kubwerera. Daba anayambanso kuseka. Ankabwera kumsika n'kumatiuza kuti Siga wagona bwino.

Chinaononga ndi mlendo wina, mayi wachizungu, amene anathamangira kumadzi n'kuponda m'chidzenje, n'kubinya phazi. Bwana woyang'anira gombe anayendayenda, n'kupeza maenje ena kuseri kwa maambulera. Anaitana Famara n'kumuuza kuti pali wina akuba mchenga wa hotela, ndipo ndowa ina ikangotulukanso pageti lake, anyamule katundu abwerere kwawo.

Tsiku limenelo Daba atafika ndi ndowa yake, anapeza Famara ataima pakati pa geti.

"Mlongo wanga, tula."

"Lero sindinenso kapolo?"

"Ndili ndi ana asanu, Daba."

"Ine anayi. Mmodzi ali pansi pa mlambe."

"Ndikudziwa."

"Mchenga umenewu ndi wathu, Famara. Unachita kuthawira kuno."

"Ndikudziwanso. Kukulanda sindingakulande, dzanja langa lingaume. Ukafuna kudutsa, dutsa."

Anapatukadi, n'kusiya njira. Daba anaima pamenepo ndowa ili pamutu, thukuta likutsika m'khosi. Kumbuyo kwake alendo ankakuwa ndi chisangalalo pamadzi. Kutsogolo kunali njira ya kumanda. Akanakhala mlonda wina aliyense, akanadutsa osacheuka. Koma uyu anali Mjola, ndipo mwambo umene unamutsekulira geti chilimwe chonse unali womwewo umene unamumanga miyendo tsopano. Mserere sachotsetsa Mjola ntchito. Anaganiza za ana ake atatu amoyo. Anatula ndowa, n'kukhuthula mchenga pa nsapato za Famara, n'kupita kwawo chimanjamanja.

Famara anakauza bwana kuti okumba mchengawo anali ana a m'mudzi, wawathamangitsa. Daba ntchito sinamuthere.

Mu Ogasiti mphepo inaomba, mafunde n'kukula. Matumba anang'ambika limodzilimodzi, popanda owonjezera. Daba anayesa kuikamo matope, madzi n'kuwasungunula ngati sopo. Mlambe unagwa, manda n'kutseguka. Amuna anatola mafupa amene nyanja inalavula n'kukawaika kumtunda m'dzenje limodzi. Koma mafupa a mwana ndi opepuka, amayi timadziwa. Daba anayenda gombe lonse mpaka kumudzi wotsatira, n'kubwera ndi zigoba zoyera m'nsalu, zosadziwika ngati n'zomwe anayala iye.

Lero pamene panali manda pali madzi ofika m'khosi. Anyamata a maboti a hotela anamangirira chimpira chachikasu pa thunthu la mlambe lomira lija. Boti likamakoka chibwato champhira chonga nthochi, alendo atakwerapo mondondozana, limakhotera pa chimpiracho, iwo n'kugwera m'madzi akuseka. Lachisanu Daba amakhala pamiyala n'kumayang'ana pamenepo. Amati bola Siga ali ndi chizindikiro.

M'mawa amakokolabe gombe la hotela, ndipo chaka chino lakula kuposa kale. Famara anasiya kumutcha kapolo. Amamupatsa moni waulemu, "Mayi Tine, mwadzuka bwanji," ndipo Daba amati moni umenewo umamuwawa kuposa mwano. Bwana uja atasamutsidwa, Famara anamudikira pageti atadzaza yekha ndowa ya mchenga, woyera bwino, wopanda ndi kachitsotso komwe.

"Tenga, msuweni. Palibenso woona."

Daba anayang'ana ndowayo, n'kuyang'ana kunyanja.

"Ndikathire pati?"

Anakonza nkhata yake yopanda katundu, n'kutuluka.