Andigulitsa tikiti yokaona chipale mwezi umene phiri limamera udzu

Anthu a ku Lirangwe, a ku Chileka, nonse amene mumawerenga zanga pano, andipusitsa. Masana, dzuwa likuswa mtengo. Ine nkhalamba ya mano owerengeka.

Mukundidziwa. Moyo wanga wonse ndinkanyamula zikwama za eni ake pa bwalo la ndege la Chileka. Ndege ndimaidziwa kumimba kokha, kumene timaponya katundu. Pampando sindinakhalepo. Mwana wanga Esinati ndi namwino ku Ulaya, ku dziko lina la mapiri, ndipo ali ndi kamtsikana, Tadala, kamene ndimangokaonera pa foni. Kameneka kamamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka pa phiri la chipale chofewa, ngati mmene ife tinkatsetserekera pa chulu ndi thunthu la nthochi. Tsiku lina kanati, ndi Chichewa chake chopunduka chija, “Agogo, mubwere nthawi ya chipale. Mudzaime pansi pa phiri, ine ndidzatsike mpaka m'manja mwanu.” Ndinalonjeza.

Tsono dziwani ichi. Diso langa lamanzere linapuma pantchito kalekale. Lamanjali nalonso layamba kuchita chifunga, ndipo adokotala anandiuza osapsatira: “Madala, chimene mukufuna kuona, chioneni msanga.” Esinati atamva, anasonkhanitsa ndalama zimene wakhala akusunga, n'kunditumizira. Anati ndipite ku ofesi ya matikiti, ndikanene kuti ndikufuna nthawi ya chipale, ndipo ndimuimbire ndisanalipire.

Lachitatu ndinavala jekete ya kutchalitchi, n'kukwera minibasi pa Lirangwe, kudzera pa Lunzu, mpaka m'tauni. Dzina la ofesiyo ndalisunga kaye m'thumba. Pakhoma pawo pali chithunzi chachikulu cha phiri loyera mbee, azungu akutsetsereka. Ndinati eya, ndafika kwa eni nkhani.

Pa tebulo panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zofiira, dzanja lina pa foni, lina mu jumbo ya tchipisi. Ndinapereka moni. Anayankha ndi nsidze. Ndinaloza chithunzi chija n'kufunsa kuti kodi zoyerazi zimagwa mwezi wanji, ndikufuna ndikafike zili pachimake.

Sanadzutse ngakhale mutu. “Agogo, kuzizira ndi Juni ndi Julayi. Ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa.”

Mukadakhala inu mukadatsutsa? Chiperoni chimatipeza liti kuno? Si Julayi? Ndinaona kuti nkhaniyo ikumveka. Ndinasangalalanso, chifukwa Julayi chimanga chili m'matumba, munda ukupuma, palibe wopalira. Ndinaimbira Esinati katatu, foni yozima, anali pantchito. Ndinauza mtsikana uja kuti mwana wanga, ndidikireko mpaka mawa. Mtsikanayo akuti ayi, mtengo wotsikawu ukutha lero lomwe, mawa ukwera kawiri. Ndinalipira. Anandipatsa pepala lonona ndi mafuta a tchipisi pakona.

Pobwerera ndinatsikira pa kaunjika wa pa Lunzu. Ndinagula chijasi chofika m'mawondo, chipewa chotseka makutu, ndi magolovesi osiyana mtundu. Mayi akunyumba, a Nangozo, anaomba m'manja. “Onani Mulungu mmene amakonzera zinthu, chipale chikudikira kuti tikolole!” Pofika madzulo Lirangwe yense anali atamva. A Chisale, mnzanga wa pa bawo, anandipempha kuti ndidzawatengereko chipale pang'ono m'botolo.

Kenaka Esinati anaimba. Ndinamuwerengera tsiku monyada. Kunali zii. Ndinayesa netiweki yathawa.

“Bambo, mwati Julayi?”

Ndinati eya, pachimake penipeni pa kuzizira.

“Bambo, Julayi kuno ndi chilimwe. Phiri limakhala la udzu, ng'ombe zikudya. Chipale chimayamba Disembala, chimakoma Januwale ndi Febuluwale, pofika Epulo chasungunuka.” Sanandikalipire. Bola akadandikalipira. Ndinangomva akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni n'kuuzidwa kuti wautula pakhomo polakwika.

Tsono ine sindinapite patali ndi sukulu. Sindinkadziwa kuti dziko lili ndi mitu iwiri, kuti ife tikamaotha moto anzathu akutuluka thukuta. Koma ndiye chifukwa chake ndinapita ku ofesi. Ndikadafuna zongoganiza ndikadafunsa a Chisale, kwaulere.

Lolemba ndinabwererako. Mtsikana uja anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Nditafotokoza anati, “Agogo, inu munafunsa za kuzizira.” Ndinati ndinafunsa za chipale, ndinalozanso chithunzi. Iye akuti, “Nanga chipale si kuzizira komweko?” Ndinamufunsa kuti phiri lili pakhoma lawoli analijambula mwezi wanji. Akuti iye anapeza lili kale pomwepo.

Ndinapempha abwana. Ali ku miting'i. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro itadutsa. Miting'i ija inatha, abwana n'kutulukira akutokosa m'mano ndi kamtengo. Anatenga pepala langa ndi zala ziwiri. “Madala, tikiti iyi ndi yotchipa. Sisinthidwa, sibwezedwa. Zalembedwa pansipa.” Anandilozera timalemba tating'ono ngati mazira a nsabwe. Munthu wa diso limodzi, lachifunga! Ndinati wandinamiza ndi wantchito wanu. Akuti iwo amagulitsa matikiti, sagulitsa nyengo. Akuti ngati ndikufuna Febuluwale, ndigule ina. Mtengo umene anatchula, nditagulitsa mbuzi zonse, njinga ndi malata a khitchini, ndingafike mwina pa Lilongwe.

Ndiye anandisisita paphewa. “Komanso Julayi ndi bwino kwa munthu wamkulu ngati inu, simukazizidwa.” Zikomo kwambiri abwana. Munthu akafuna kukaona nyanja mumamutumiza ku chitsime, kuti asamire?

Anzanga, nthabwala ndimazikonda, koma apa zandithera. Wina anena kuti pitani Julayi yemweyo, mdzukulu mukamuonabe. Ndikamuona ndi chiyani? Adokotala sanandilonjeze Julayi. Febuluwale ali pafupi, diso likhoza kupirira. Ndinali wokonzeka kusiya chimanga chikumasula, a Nangozo alimbane nacho okha, chinthu chimene sindinachitepo. Esinati ndalama ina alibe, ndipo sindingamupemphe.

Dzulo Tadala anaimba. “Agogo, mukubwera liti? Ndaphunzira kukhota.” Ndinati halo, halo, sindikumva, n'kudula foni. Ndinkamva bwinobwino.

Tsono inu a ku ofesi, ndikudziwa muli pano, mumawerenga mwakachetechete. Ndiyankheni. Munthu wosadziwa mwezi wa chipale mwamuikiranji pansi pa chithunzi cha chipale? Mtengo uja unathadi Lachitatu, kapena kunali kundithamangitsa kuti ndisalankhule ndi mwana wanga? Sindikufuna pepani. Ndikufuna tsiku lisinthe, lilembedwe Febuluwale, ndi malemba akuluakulu oti ndiwerenge ndekha.

Nanu amene ana anu akukuitanirani kunja, musalipire musanamve mawu a amene ali komweko, ngakhale akuuzeni kuti mtengo ukutha pompano.

Mawa m'mawa ndikukwera minibasi yoyamba. Ndivala chijasi chija, chipewa chotseka makutu ndi magolovesi, m'dzuwa la Okutobala lino, ndikakhale pa benchi yanu pansi pa phiri lanu loyera. Aliyense wolowa akandifunsa, ndidzamufotokozera kuyambira pa tchipisi. Mkuja ndibweranso. Ndikakomoka ndi kutentha, mudzandinyamula nokha. Ine ndinanyamula kale za eni ake zokwanira.