Dyna ndi Chipewa cha a Jeremiya

Mukafika kwa Njombwa n'kufunsa za Dyna, aliyense akulozerani kudambo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ngati wailesi ya mabatire atsopano, amene amayamba kuseka asanamalize nthabwala yake yomwe. Ine Emmie nazale yanga ya fodya inagundana malire ndi yake, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva ayi.

Mwamuna wake, a Jeremiya, ndi mkamwini wochokera kwa Kaluluma. Paja kwathu kuno mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha thukuta lake. Atsibweni ake a Dyna, a Yobu, anapirikitsapo kale akamwini awiri chifukwa cha ulesi, wachiwiriyo mpaka anaiwala nsapato. Koma a Jeremiya analibe nazo mantha zimenezo. Ankamaliza kumanga chigafa anzawo asanadule n'komwe mitengo, uku akuimba nyimbo za kwaya mophonya mawu.

Ndiye chaka chatha mu Febuluwale kunagwa matalala, fodya yense n'kusanduka nsanza. Tonse tinalira, kenaka tinapukuta misozi n'kuyambiranso. A Jeremiya okha zinawakanika. Anasiya kuimba, anasiya kusamba, chakudya ankangochiyang'ana, tsiku lonse chogona nkhope italoza kukhoma. Tsiku lina Dyna anabwera kwanga ndi botolo la mankhwala opopera fodya atalikulunga m'chitenje. "Undisungire kutali," anatero, osaseka. Ndinachita mantha, n'kukalibisa nthawi yomweyo.

Itafika nyengo ya nazale nkhani inavuta. Mbande zimafuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo mudzi wonse umaona amene wanyamula keni. A Yobu akanangodziwa kuti mkamwini wagona m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, basi, katundu pamutu, ulendo wa kwa Kaluluma. Ndipo Dyna ankadziwa mumtima kuti munthu wake akachoka ali choncho, sadzamuonanso wamoyo.

Mukudziwa zimene anachita mwana wamkazi ameneyu? Anatenga chipewa cha mlaza cha a Jeremiya, jekete yawo yobiriwira ndi magambuti, n'kumatsikira kudambo m'bandakucha ngati bambo. Tsiku loyamba ine ndinanjuta mwaulemu n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji alamu?" Chipewacho chinayankha kuti, "Iwe, tseka pakamwa, thira madzi." Ndinaseka mpaka keni inandipulumuka.

Mwambo nawo unamuthandiza. Mayi ake a Dyna, a Fainala, pokhala apongozi, akangoona chipewa cha mkamwini chikubwera m'njira ankapatukira m'udzu, maso kumbali. Akafika kumudzi ankalengeza mokweza, makamaka pafupi ndi khonde la a Yobu: "Koma abale, mkamwini wanga ndi wolimbikira! Tambala woyamba, ali kale kudambo!"

Masana Dyna ankavula ubambowo n'kuyamba kusaka thandizo. Mneneri wina anafuna mbuzi yoyera asanatsegule n'komwe pakamwa. Nkhoswe ya a Jeremiya inabwera mwakachetechete n'kufunsa kuti walakwira mnzake ndani; itamva kuti palibe, inadya nkhuku n'kumapita. Kenaka Dyna anaimbira mlangizi wina wa za maganizo wa mumzinda, ndipo atamva kuti kucheza naye ola limodzi n'chimodzimodzi kugula thumba la feteleza, anangoti, "Pepani bambo, ndalakwitsa nambala."

Chonsecho thandizo linali pamphuno. Wazaumoyo wa m'mudzi mwathu ndiye anamunong'oneza kuti kuchipatala chaching'ono kumabwera namwino wa matenda a maganizo kamodzi pamwezi, ndipo salipiritsa olo tambala. Dyna anakweza mwamuna wake panjinga n'kupalasa yekha. Aliyense wofunsa m'njira ankamuuza kuti bambo akumva dzino.

Namwinoyo, mayi Nthanda, anacheza ndi a Jeremiya nthawi yaitali. Ananena mosapsatira kuti si ulesi, si kulodzedwa, ndi matenda a kukhumudwa kosachoka, ndipo amachizika. Anawapatsa mapiritsi ndi tsiku lobweranso. Kenaka anatembenukira kwa Dyna: "Nanga inuyo mayi, akukusamalani ndani?"

Dyna anandiuza kuti anafuna kuyankha ndi nthabwala, koma nthabwala inakana. Analira ngati mwana, pamaso pa munthu wachilendo. Mayi Nthanda anamulowetsa m'gulu la anthu osamalira odwala limene limakumana Lachinayi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, n'kumuuzanso kuti, "Mutu umodzi susenza denga. Kauzeni munthu mmodzi wa kubanja."

Anasankha mayi ake. Ndinamuperekeza. Anawapeza akutongola chimanga, n'kuulula zonse: matenda, chipewa, magambuti. A Fainala sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe, ndinakubereka ndine," anatero. "Mkamwini wanga anayamba liti kuyenda ngati bakha?"

"Ndiye munkapatukiranji m'njira, amayi?"

"Ndikanapanda kupatuka, atsibweni ako akanakhulupirira?"

Madzulo omwewo a Fainala anakakhala pakhonde pa mlongo wawo, a Yobu, n'kuwafunsa ngati anapirikitsapo munthu chifukwa chodwala malungo. A Yobu anang'ung'udza, anatchula makolo, anati za masiku ano n'zachilendo. Koma m'mawa mwake tinawapeza kudambo ndi keni m'manja, pa nazale ya a Jeremiya. Anati akungoyesa ngati keniyo siikudontha, ndipo anaiyesa milungu itatu.

Musaganize kuti a Jeremiya anachira ngati kuzimitsa nyali. Masiku ena ankakhala pakhonde, masiku ena ankabwerera kukhoma kuja, ndipo mpaka lero Dyna saphonya Lachinayi lake. Botolo lija likadali kwanga.

Koma m'mawa wina mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, ndinaona chipewa chija chikutsika kudambo pang'onopang'ono, ndipo chinali m'mwamba kuposa masiku onse. Kumbuyo kwake kunali Dyna, duku kumutu, pakamwa pali chete koyamba chibadwire. A Fainala anali m'njira ndi ndowa. Anapatuka monga mwa nthawi zonse, koma tsiku limeneli sanapite kukalengeza kalikonse. Tinawapeza atakhala pansi m'udzu momwemo, chitenje kukamwa, akulira.