Bulugamu Wouma ndi Kotapela Wanga

Loweruka, mwezi wa Ogasiti

Ndadzuka mtima ukudumpha ngati tsiku lotsekera sukulu. Lero linali tsiku logwetsa bulugamu wouma kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Railways, ndipo amalume anali atandilonjeza kuti nkhwangwa ndigwira ine. Nkhawa inali imodzi: pafupi ndi bulugamuyo pali kamtengo kanga ka kotapela (ena amati mapeyala), kamene ndinadzala ndili giredi seveni. Chaka chino kachita maluwa koyamba.

Sindinathe kudikira. Ndinayamba ndekha kutema mozungulira tsinde, monga timasongolera pensulo.

"Iwe, leka!" anakuwa amalume akulowa pageti. "Ukautema choncho usankha wokha kogwera. Usankha kotapela wako, kapena iweyo. Nanga mapatapatawo, wabwera kudzasamba?"

Anandipatsa majombo awo a kuntchito, ndinaikamo manyuzipepala kuti andikwane. Kenako anati ndiyang'ane kumwamba ndione kumene mtengo wapendekera, nthambi zowola, ndi waya wa magetsi. Tinalambula njira yothawira cham'mbali, ndinachotsamo khasu ndi ndowa. Mphepo itayamba tinakhala pansi mpaka inaleka. Ine miyendo imangoyabwa!

Ndinatema kamwa lalikulu mbali ya ku dzala la zinyalala, kumene timafuna ugwere. Kenako ndinapita kumbuyo, n'kutema pamwambako pang'ono, osadula pakati. Amayi ndi amalume anagwira chingwe chimene tinamangirira kumtengowo, ali patali.

"Alongo, chingwe sakulunga kudzanja," anatero amalume. "Mufuna kuuluka nawo?"

"Ndiphunzitseni kuphikanso," anayankha amayi, koma anachimasula.

Mtengo utalira kuti kwee, ndinataya nkhwangwa n'kuthawira m'njira ija. Unayamba bwino, koma pamene ndinatema m'mawa paja panafooka, unapotoka pang'ono. Khuu! Fumbi litatha ndinathamangira kwa kotapela. Ali moyo! Nthambi imodzi yokha ndiyo yathyoka, yamaluwa ambiri ija.

"Imeneyo ndi ya pensulo yako," anatero amalume. Sindinatsutse. M'manja muli matuza, cholembera chikuvuta kugwira, koma ndagwetsa mtengo ine mwini!

Mawa tikachoka kutchalitchi ndidula bwino nthambi yothyokayo ndi sowo kuti isawole, ndithirirenso kotapela ndowa ziwiri. Nthambi za bulugamu ndisadza amalume akafika, osati asanafike.