Tsiku Limene Tinabisa Ndodo za Bambo

Bambo anga anadwala sitiroko ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mbali yakumanja inafooka, mwendo ankachita kukoka, dzanja linangopindikira pachifuwa. Tinkakhala ku Thamesmead, kudziko la Angelezi, m'fulati yam'mwamba momwe mphepo ya kumtsinje inkalowa ngakhale mawindo ali otseka. Kwathu ku Malawi bambo anali mphunzitsi wamkulu, anathawako chifukwa cha ndale, ndipo kuno anathera pa ukondakitala wa basi.

Khonsolo inkatithandiza, ndisaname. M'mawa uliwonse kunkabwera bambo wina wa ku Jamaica, dzitho lenileni, kudzawasambitsa ndi kuwaveka. Kawiri pa sabata kagalimoto kankawatenga kupita ku mafizo. Chifukwa cha thandizo limenelo amayi ankatha kupita kuntchito yawo yophika pasukulu ina ku Woolwich, ine n'kumapita kusitolo ya nsalu kumene ndinkagulitsa. Pakhomo pankayenda, movutikira koma pankayenda.

Kenaka, m'zaka za m'ma 1980, boma lalikulu linadzuka ndi nzeru yoti dziko lisamadye zoposa zimene lakolola. Amuna a masuti ankafotokoza mokoma pa wailesi yakanema, ati boma lili ngati banja, liziyenda molingana ndi thumba lake. Mawu omveka anzeru, eti? Koma lamba amene ankanena kuti timangeyo sanamange m'chiuno mwawo. Anachepetsa ndalama zopita kumakhonsolo, n'kuwaletsanso kukweza msonkho wa nyumba kuti akwirire dzenjelo. Khonsolo itapanikizika chomwecho, nayo inayang'ana amene ali pansi pake. Laibulale inayamba kutseka masiku ena, lifiti ikafa inkagona sabata yathunthu, mpaka tsiku lina kalata inafika kwathu.

Kalatayo inati kubwera munthu kudzaona ngati bambo akufunikirabe thandizo. Ndinawawerengera makolo anga, ndipo ndinawauza mosapsatira kuti ameneyu akubwera kudzafufuza woti amuchotse pamndandanda. Koma amayi anangomva chinthu chimodzi: kukubwera mlendo, mlendo wake wa boma.

Anapempha tsiku kuntchito. Anakolopa mpaka kuseri kwa firiji, anachapa makatani, anaphika masikono. Kampando kachimbudzi kamene kankakhala pafupi ndi bedi anakalowetsa m'kabati n'kukaphimba ndi bulangete. Ndodo ziwiri za bambo anandituma kuti ndikazibise kuseri kwa wodilopu.

"Amayi, zimenezi ndi zimene akufuna kudzaona," ndinatero.

"Iwe, mlendo azifikira pa zinthu zamanyazi? Tinakulera kuti?"

Ndinakabisa. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndi manja anga amene anabisa ndodozo, mtima umandiwira.

Bambo wa ku Jamaica uja anawasambitsa monga mwa masiku onse, n'kumapita. Apo amayi anawavula zovala zapakhomo n'kuwaveka suti yawo ya kutchalitchi. Zinatenga pafupifupi ola kuti dzanja lopindikalo lilowe m'jekete. Tayi anamanga amayi. Belu litalira, bambo anaimirira atagwira msana wa mpando, thukuta lili kamukamu, chifukwa mwamuna salonjera mlendo ali chikhalire m'nyumba mwake.

Mlendoyo anali mtsikana wachizungu wa msinkhu wanga, wotopa m'maso, atanyamula mafayilo ambirimbiri. Sanali woipa, ndipo zimenezo zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndilibe nkhope yoti ndiziitukwana. Anamwa tiyi, anayamikira sikono, kenaka anatulutsa fomu n'kuyamba kufunsa m'Chingelezi. Kodi mumatha kuyenda m'nyumba muno? Bambo anati amayesetsa, Mulungu ndi wabwino. Kodi mumadya nokha? Anati kwambiri. Ndiye anafunsa, maso ali pafomu, ngati amatha kusamba ndi kupita kuchimbudzi okha.

Tangoganizani. Mtsikana woti akanatha kukhala mwana wawo, kuwafunsa za kuchimbudzi, pamaso pa mkazi wawo ndi mwana wawo wamkazi, makapu a tiyi ali patebulo. Bambo anawongola tayi ndi dzanja lamanzere n'kuyankha m'Chingelezi chawo chauphunzitsi kuti palibe chovuta, ndipo akuthokoza boma la dziko lino chifukwa chowalandira ndi kuwasunga bwino zaka zonsezi.

Ndinatsekula pakamwa. Amayi ananditsina pantchafu kunsi kwa tebulo.

"Akulu akulankhula," anandinong'oneza.

Mtsikanayo analemba. Ndinaona cholembera chikuchonga m'mabokosi, ndili duu ngati mwana woleredwa bwino. Amayi anamukulungira masikono awiri oti akadye pa basi.

Atangotuluka, bambo anagwera pampando, osathanso kudzuka mpaka madzulo. Ine ndinapsa mtima, ndinalankhula mokweza kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inu mwatseka ndi loko. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ife kuno ndi alendo. Mlendo sadandaula ndiwo."

Kalata yachiwiri sinachedwe. Inati malinga ndi zimene aona, bambo akutha kudzisamalira mothandizidwa ndi banja, ndipo poti ndalama zachepa, thandizo lipita kwa ovutikitsitsa. Wosambitsa uja anabwera komaliza Lachisanu, anatsanzika mutu uli pansi. Kagalimoto ka mafizo sikanabwerenso. Pansi pa kalatayo panali malo oti ukhoza kudandaula. Ndinalemba zonse, za kampando, za ndodo, za jekete, kunangotsala kuti bambo asayine. Anakana. Munthu amene anzake anatengedwa kwathu chifukwa chosayina kalata yodandaula kwa boma sakanaikanso dzina lake pa pepala loterolo, ngakhale ndinawauza kambirimbiri kuti kuno samanga munthu chifukwa cha bafa.

Amayi anasiya ntchito. Ndiyo njira imene boma linasungira ndalama zake: ntchito ya dzitho lija inagwera mayi wamfupi wa zaka zoposa makumi asanu, wosalipidwa. Ndikamva anthu akuyamikira kuti zaka zimenezo dziko linaphunzira kusamala chuma, ndimafuna kuwafunsa kuti anasamala ndi msana wa yani. M'mawa uliwonse amayi ankawakweza bambo m'bafa ndi kuwatsitsa. Ndikati ndithandize, onse awiri ankandithamangitsa, chifukwa kwathu mwana wamkazi kuona thupi la bambo ake ndi malaulo. Mnansi wathu wa ku Zambia, mwamuna wa ku Chipata, ankathandiza Loweruka, koma masiku ena anali pantchito ku Wembley.

Tsiku lina Lachitatu sitolo inatseka masana, ndinabwerera msanga. Lifiti inali itafanso, ndinakwera masitepe. Nditatsekula chitseko ndinamva amayi akuitana dzina langa chapansipansi. Anali chigonere pansi pakhomo la bafa. Msana unali utagwira pamene ankawadzutsa bambo, ndipo sankatha ngakhale kukwawa. Bambo anali m'bafa chiyambire m'mawa. Amayi anakwanitsa kukoka chotsekera kuti madzi atuluke, n'kuwaponyera thawulo limodzi. Milomo ya bambo inali itachita bii ndi kuzizira, mano akugundana.

"Usalowe," anatero amayi. "Kaitane munthu."

Ndinagogoda zitseko zinayi pakhonde lathu, anthu onse anali kuntchito. Ndinaimba foni, anandiuza kuti ambulansi ibwera koma ndidikire. Ndinamva bambo akutsokomola, ndipo sindinadikire.

Ndinawalumpha amayi n'kulowa. Ndinalowetsa manja m'khwapa mwa bambo anga, thawulo linagwa, ndinawakweza. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, ndipo ndinamva chifuwa chawo chikunjenjemera pa mkono wanga. Amayi pansi paja anaphimba kumaso ndi chitenje n'kuyamba kulira ngati pamaliro.

Bambo anakhala zaka zina zitatu. Tinkadya patebulo limodzi, ndinkawawerengera nyuzipepala, ankandithokoza mwaulemu ngati nesi wa kuchipatala. Koma kuchokera Lachitatu limenelo mpaka tsiku limene tinawaika, sanandiyang'anenso m'maso.