Matumba Osokedwa a Lavon Tibbs

Pa ana onse amene anadutsa m'kalasi mwanga ya masamu ku Titusville, tawuni yoyandikana ndi malo onyamukira zombo za m'mlengalenga, Lavon Tibbs yekha ndiye amene sindikanamusiyira chikwama changa patebulo. Anali wakuba, ndipo masamu anawalephera mochititsa manyazi. Ndikuyamba ndi mawu owawa chotere mwadala, chifukwa inu amene mukufuna kulimbikitsidwa muyenera kuona kaye kuya kwa dzenje limene munthuyu anatulukamo.

Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ake anapita kukathyola malalanje kudera lina, osabwereranso. Analeredwa ndi azakhali ake, mayi Odessa, m'kanyumba ka ku Mims, mudzi wa pafupi pomwepa. Masiku onyamuka chombo cha m'mlengalenga, alendo ankadzaza m'mbali mwa mtsinje, maso onse ali kumwamba. Maso a Lavon ankakhala m'magalimoto awo. Tsiku lina anamugwira atabisa wailesi ya mlendo m'malaya. Chombo chinkakwera kuloza kumitambo, iye akulowetsedwa m'galimoto ya apolisi.

Atatuluka kumalo osungirako ana olakwa, azakhali ake anamulandirira pakhomo.

"Wabwera? Lowa, koma masupuni anga ndikuwadziwa onse nkhope zake."

"Azakhali, mundisokere matumba a mathalauzawa."

"Ang'ambika?"

"Ayi. Muwatseke."

Mayi Odessa anatenga singano. Kuyambira tsiku limenelo Lavon sanavalenso chovala chokhala ndi thumba lotseguka. Makiyi ankawapachika m'khosi, ndipo china chilichonse ankachinyamula m'manja, poyera.

Anayamba ndi kulongedza malalanje m'mabokosi. Chisanu chitawononga minda, anatsuka mabasi onyamula alendo. Analembetsa kusukulu ya ntchito zamanja, nalephera mayeso a masamu omwe aja. Anabwerezanso, nalepheranso. Ulendo wotsatira anakhoza ndi malikisi ongomudutsitsa pakhomo. Sindikunena kuti anasanduka wanzeru. Ndikunena kuti sanachoke.

Kampani ina yosamalira zombo inamulemba ntchito yosesa m'nyumba yaikulu yokonzeramo chombo. Mbiri yake inali itafika kale iye asanafike.

Tonse a kuno timaukumbukira m'mawa wozizira uja pamene chombo china chinasweka m'mwamba, ana asukulu akuonerera. Kuchokera pamenepo kukayikira kunasanduka ntchito. Palibe amene ankakhulupirira kuti nati ya pa bawuti yalimba chifukwa chakuti mnzake wanena kuti waimanga. Chida chilichonse chinali ndi malo ake m'bokosi, odulidwa m'siponji molingana ndi maonekedwe ake, kuti chikasowa dzenje lake lizichita kukuwa. Mmisiri akachitulutsa ankachimangirira kudzanja ndi kachingwe, ndipo kumasula kachingweko uli m'kati mwa chombo linali tchimo lalikulu kuposa onse. Chifukwa chake n'chosavuta. Ponyamuka chombo chimagwedezeka kotero kuti kachitsulo kongosiyidwa kamauluka ngati mwala wa pa legeni. Chikafika kumwamba, kumene zinthu sizilemera, kachitsuloko kamayandama mpaka kakalowe kuseri kwa mabatani, kakhudze mawaya. Moto ukabuka kumeneko palibe pothawira.

Pamalo oterewa munthu wodziwika ndi kuba anali ngati fodya woyaka pafupi ndi thanki ya mafuta. Mmisiri wina wapakamwa, Wendell Satterfield, anamupatsa dzina lakuti Zala. Ankasiya sipanala pansi dala, n'kubisala kuti aone.

Lavon ankaitola, n'kupita nayo ataikweza m'mwamba.

"Achimwene, nyambo yanu iyi. Nsomba yakana."

"Lero yakhuta," ankatero Satterfield. "Tiona mawa."

Mawa ambiri anadutsa. Anachoka pa tsache n'kukhala wosunga zida. Anachoka pa zida n'kuphunzira kusamalira mipando, malamba ndi mapaipi a mpweya wopuma. Munthu amene aliyense ankamukayikira anaphunzira kudzikayikira yekha kuposa mmene iwo ankachitira, ndipo ntchito imeneyo imafuna mtima wotero. Tsitsi litayamba kuchita imvi m'mbali, anasankhidwa kulowa m'kagulu kovala zoyera, kamene kamakwera pamwamba pa nsanja yonyamukirapo chombo kukamangirira oyenda m'mlengalenga m'mipando yawo ndi kutseka chitseko. Nkhope zawo ndizo zomaliza zimene apaulendo amaziona padziko. Mayi Odessa atamva, anangoti, "Ndiye kuti akuluakuluwo sanafunse kuno."

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani, thanki yaikulu ya chombo inali itadzazidwa kale mafuta ake ozizira koopsa, ikufuka nthunzi ndi kulira ngati chamoyo. Oyang'ana ngati pachombo pamera madzi oundana anali atazungulira nsanja yonse n'kunena kuti zili bwino. Apaulendo analowa mmodzimmodzi chokwawa, n'kugona chagada m'mipando, miyendo m'mwamba.

Lavon ankamangirira mkulu wa ulendowo, bambo Garrett Ostrander.

"Mphwanga, pali chinachake chikundibaya kumsanaku. Tayang'ana msanga, nthawi yatithera."

Lavon anatulutsa kagalasi kokhala ndi kamtengo kachitsulo, koonera malo obisika. Kachingwe kanali kakafupi, kagalasi sikankafika kuseri kwa mpando. Anakamasula. Anaona paipi ya madzi oziziritsa thupi itapindika, ndipo anaika kagalasi pambali kuti aiwongole ndi manja onse awiri. Pa wailesi mawu ankawafulumizitsa. Anamanga malamba, anagwirana chanza ndi bambo Ostrander, natuluka.

Chitseko chinatsekedwa. Anapopera mpweya m'kati kuti aone ngati sukutuluka penapake, ndipo sunatuluke. Chimene chinatsala chinali kulongedza ndi kutsika, pakuti maroketi awiri a m'mbali akangoyatsidwa sazimitsika, ndipo pamalopo sipayenera kukhala munthu. Lavon anatsegula bokosi lake komaliza. Dzenje limodzi la m'siponji linali lopanda kanthu.

Anaitana kapitawo wa gululo, bambo Hollis Greer.

"Bwana, bokosi silinakwane. Kagalasi palibe."

Onse anasiya zimene ankachita. Satterfield ndiye anayamba.

"Aaa, a Zala, lero lomwe? Mwapirira zaka zonsezi kuti mudzatichite lero? Bwezani msanga, anthu akudikira kumtsinje."

Kunja kuno kanthu kalikonse kamene kanalowapo m'chombo kali ndi ogula ake, ndipo onse ankadziwa zimenezo. Anamusecha pomwepo.

"Alibe matumba ameneyo," anatero wina. "Onani m'masokosi."

Anamuvula nsapato. Munalibe kanthu. Anayang'ana pansi, m'makona, pansi pa makapeti. Bambo Greer anamukokera pambali, nalankhula chapansipansi.

"Mphwanga, tamvera. Ngati kali pathupi pako penapake, kagwetse. Ine ndikuyang'ana kunyanja. Chombo chinyamuka, zotsalazo tikakambirana pansi."

Taganizirani bwino mphindi imeneyo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anthu onse omuzungulira ankapemphera kuti Lavon Tibbs akhale wakuba. Wakuba akanaipitsa dzina lake lokha, dzina limene linali loipa kale. Akanatha kunena kuti anakabisa m'chikepe chokwerera, kapena kuti kanagwera pansi pa nsanja, ndipo onse akanapuma. Chitseko chikanakhala chotseka. Mwina kagalasiko sikakanachita kanthu ulendo wonse. Mwinanso kakanachita.

"Sindinabe, bwana. Kali m'kati, kuseri kwa mpando wa bambo Ostrander. Ndinamasula kachingwe."

"Ukudziwa chimene wanenachi?"

"Ndikudziwa."

"Kapena ukungofuna kubisa kuba kwako ndi bodza lalikulu? Ndikatsegula chitseko ichi ndipo tikapeza mulibe, sindidzakuteteza."

"Ngakhale mukapeza, simudzanditeteza. Tsegulani, bwana."

Bambo Greer anatseka maso pang'ono, kenako analankhula pa wailesi. Kutsegula chitseko chimenecho si kutembenuza chogwirira. Mpweya uyenera kutulutsidwa, zotsekera zimasulidwe, ndipo pambuyo pake zonse ziyesedwenso kuyambira pachiyambi. Chombocho chinkafunika kukakumana ndi china kumwamba, motero mpata wonyamukira unali waufupi. Unatha iwo asanatsekenso.

Kagalasi kanapezeka pakati pa mpando ndi khoma, pafupi ndi mtolo wa mawaya. Bambo Ostrander anatuluka miyendo itachita dzanzi, anakayang'ana kagalasiko, namuyang'ana Lavon. Thanki inakhuthulidwa. Kumtsinje alendo anapinda mipando yawo akunyinyirika, ogulitsa mtedza wophika anabwerera ndi ndowa zodzaza.

Pachipata alonda anamulanda Lavon chitupa cholowera, namuuza kuti adikire kunyumba mpaka akuluakulu adzamuitane kuti aweruze ngati angabwererenso pantchito.

Musaganize kuti kupezeka kwa kagalasi kunatseka pakamwa pa anthu. Kutchalitchi, pamene tinkakazinga nsomba Loweruka, ndinamva ndi makutu anga amayi ena akunena kuti anakaba ndithu, ndipo anakaponya m'kati chitseko chitatsegulidwa ataona kuti agwidwa. Ena ankati anatumidwa ndi anthu ofuna kuti ulendowo ulephereke. Mayi Odessa, atakalamba ndithu, ankangotembenuza nsomba m'mafuta.

"Mwana wanga anaba wailesi imodzi," anatero. "Inu mwamubera dzina moyo wake wonse. Tandipatsani mchere."

Chombo chinanyamuka patapita masiku angapo, apaulendo atamangiriridwa ndi amisiri ena. Lavon anaonerera ali m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi malo omwe anamugwirira ali mnyamata. Nthaka itanjenjemera ndipo mkokomo utafika pachifuwa, iye sanakuwe nawo. Anadikira mpaka maroketi a m'mbali atapatuka bwinobwino, kenako anakhala pansi pa udzu. Apaulendo onse anapita ndi kubwerera amoyo.

Tsiku la mlandu Lavon anafika atavala malaya oyera. Anamuuza kuti adikire m'chipinda chodyera, ndipo munali modzaza amisiri. Ambiri anayang'ana m'mbale zawo. Ali chikhalire, bambo Ostrander analowa, anaika khofi wawo patebulo lake, nalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Tibbs, ndine ndinakupempha kuyang'ana kuseri kwa mpando, ndinenso ndinakufulumizitsa. Ndilowa nawe kwa akuluakulu. Ndikawauza kuti mlanduwu ndi wanga. Mawu anga amamveka m'chipinda chimenecho, ndipo mawa udzavalanso zoyera."

 Satterfield, amene anakhala tebulo loyandikana, anamugunda Lavon ndi chigongono.

"Vomera, Zala iwe. Matama achani? Bokosi lako palibe akulikonza bwino pansanja paja."

Ndikuuzeniretu mmene zinathera, kuti mumve bwino kulemera kwa yankho lake. Akuluakulu aja sanamuchotse ntchito, koma anamubwezera ku tsache, kumene anayambira. Anasesanso pamaso pa anyamata amene iye anawaphunzitsa. Anakweranso pang'onopang'ono, monga poyamba. Patapita zaka, bambo Greer akupuma pantchito, anafunsidwa kuti ndani angatenge malo awo. Anatchula dzina limodzi lokha, nati ndiye munthu yekhayo amene anamuona akupatsidwa bodza laulere n'kulikana. Chitseko cha chombo chinayamba kutsekedwa ndi dzanja la Lavon Tibbs.

Inu amene mbiri yanu imakutsogolerani kulikonse kumene mukupita, inu amene anthu amagwira zikwama zawo mukamalowa, mverani. Musadikire kuti akukhulupirireni kuti muyambe kukhala okhulupirika. Adzakukayikirani mukalakwa, adzakukayikiraninso mukachita bwino. Mudzagwa, mwina mutafika kale pamwamba, ndipo kugwa kwachiwiri kumapweteka kuposa koyamba. Tolani tsache, muyambirenso. Mtima wokhawo musautaye.

Koma tsiku lija Lavon sankadziwa zakutsogolo. Chimene ankadziwa n'chakuti kuseri kwa chitseko cha chipinda cha mlandu kunali anthu okhoza kumutumiza kunyumba mpaka kalekale, ndipo patsogolo pake panali munthu wamkulu atamutambasulira dzanja. Anaimirira, nawongola malaya ake.

"Zikomo, bwana. Koma munandipempha kuyang'ana, simunandipemphe kumasula kachingwe. Mukandisenzera mlandu uwu lero, tsiku lina ndikadzakuuzani kuti bokosi lakwana, mudzagona pampando uja mtima uli m'malo?"

Lavon analoza kapu ya bambo Ostrander.

"Khalani mumalize khofi wanu asanazizire. Ndilowa ndekha."

Anayenda kupita kuchitseko, manja onse awiri ali poyera, pakuti analibe powabisa.