Polishi Wofiira Pansi pa Matabwa

Ntchito imeneyi ndinaipezera ku Mvano. Fodya atatikana chaka chimenecho, mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti achimwene ake, a Kambalame, akufuna wothandiza kuyala matabwa a lamineti pansi m'nyumba ina ku Madisi. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu, poti kunyumba ana anali atayamba kugona ndi njala. A Kambalame anati, "Mayi a Tiya, nyumba iyi ikakongola, ndikutengani tikagwire ina ku Mponela."

Nyumbayo inali ya aphunzitsi opuma, ndipo matabwawo anatumiza ndi mwana wawo wa ku Joni. Ndinaphunzira kuyala siponji yapansi, kulowetsa mlomo wa thabwa mwa linzake, kugogoda ndi hamala ya labala, ndi kusiya kampata m'mbali mwa khoma. Koma simenti yapansi inali yakale, pena potumphuka, pena pokumbika. A Kambalame anangopinda siponji kawiri pokumbikapo, n'kuti, "Zigona zokha izi."

Sizinagone ayi. Pasanapite nthawi anatiitananso. Ukaponda pakati pa balaza, thabwa limamira n'kulira, molumikizira monse mutayasama. Akazi a aphunzitsi anafunsa, "Kodi mwandiyalira ulalo m'nyumba?"

Tinachotsa timatabwa ta m'mphepete mwa khoma n'kuyamba kuzula. Tinkagoneka thabwa lalitali lowongoka pa simenti, ndipo paliponse pamene kuwala kumadutsa kunsi kwake, ine ndinkazungulizapo choko. Potumphuka a Kambalame anaperapo ndi galayinda, pokumbika tinathirapo simenti yamadzimadzi yosalazira. Itauma ndinagogoda ndi chala, n'kumva ikulira ngati ng'oma. Inamatuka yonse ngati khungwa. Titafunsa, tinamva kuti akazi a aphunzitsi aja anakhala akupaka polishi wofiira pansipo chiyambire banja lawo, ndipo simenti sigwira pa mafuta. Tinapala chogwada ndi sandipepa mpaka maondo kutupa, ine nyimbo ya kutchalitchi ili pakamwa kuti ndisalire, kenako tinathiranso.

Ulendo uno simenti inagwira. Koma pozula paja matabwa ambiri anali atathyoka milomo, ndipo amtundu wake sanapezeke ngakhale ku Lilongwe. Tinayala amene anatsala, anathera pakati pa balaza, mbali inayo simenti ili poyera. Aphunzitsi sanakalipe. Anayang'ana pansipo, n'kuti, "Nyamulani zida zanu, bambo."

Mbiri inafika ku Mponela ife tisanafike. A Kambalame anandiperekeza pa siteji mutu uli pansi. "Mayi, bwererani kumunda kaye. Ndikuimbirani."

Sanaimbe mpaka lero, komabe ndimawatchula m'mapemphero, chifukwa anandiphunzitsa osandinyoza ngakhale tsiku loipalo. Chimene ndinatsala nacho n'chakuti usatsegule katoni ya matabwa usanagwade n'kuyeza pansi, ndipo uyambe wafunsa mwini nyumba zimene wakhala akupakapo. Zimenezi ndikuzidziwa bwino tsopano, kungoti nyumba yoti ndikayesemo palibe.