Foni ya a Bakali, Telala wa pa Namwera

A Bakali ndi telala wa pakhonde la golosale ina pa Namwera. Asoka mikanjo, mayunifolomu ndi zigamba za mipando ya njinga zamoto kwa zaka makumi atatu, ndipo singano yawadya maso. Akazi awo adatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Naima, ali ku Joni, kumene amagwira ntchito m'nyumba ya mabwana osafuna phokoso. Motero saimba foni, amangolemba, nayenso akapeza mpata.

Foniyo adawatumizira ndi Naima yemweyo. Vuto lidali kuyera kwa galasi lake. Akati awerenge mizere iwiri, maso ankachita ngati athiridwa tsabola, misozi chuchuchu, ulusi osalowanso pasingano mpaka madzulo. Kuchipatala adawauza mosapsatira kuti akapitiriza kuwazunza masowo, makina awaiwale.

Adawathandiza ndi a Yamikani, mayi wogulitsa mayunitsi pakhonde loyandikana. Adadinadina, galasi n'kusanduka lakuda, zilembo zoyera. Maso adapumadi.

Koma khonde la a Bakali limayang'anana ndi dzuwa, ndipo padzuwa galasi lakuda silionetsa chilembo, limangokubwezera nkhope yako. Bambo aja adayamba kudzifunditsa mkanjo wa kasitomala kumutu kuti awerenge. Akabaza ankafa nalo phwete, amvekere atelala alowa m'chinamwali atakalamba. Iwo ankangopitiriza kuwerenga. Munthu wodikira mwana alibe nthawi ya manyazi.

Kenaka Naima adangoti zii. Sabata zitatu, ngakhale moni. A Bakali ankanyamula foni akamaliza msoko uliwonse, akamapita kumzikiti, akamabwerako. Nthawi zonse asanafunde mkanjo uja ankayamba akumana ndi nkhalamba ya ndevu zaimvi ikuwayang'ana m'galasimo. Kusungulumwa kudawafika m'mafupa.

Lachisanu lina adapita kwa a Yamikani n'kupempha kuti awabwezere choyera chija. Mayiwo adakana poyamba, nawakumbutsa mawu a dokotala, nawafunsa kuti maso akatha adzadya chiyani.

"Ndikudziwa, mama," adatero a Bakali. "Koma chakudachi chikundionetsa munthu amene palibe akumulembera. Ndatopa kumuona."

A Yamikani adadina, galasi n'kuyeranso.

Masiku ano mukadutsa pakhondepo mudzawapeza atagwira foni yoyera mbee, misozi ikutsikira m'ndevu. Makasitomala amati ndi foniyo, ndipo amawalangiza kuti aisinthe ikhale yakuda. A Bakali amangovomera ndi mutu kuti ndi foniyodi.